Kodi Dolores Hart Anakwirira Luso Lake?

Pamene Dolores Hart, namwali wa zaka 24 amene anasewera limodzi ndi Elvis Presley m'mafilimu a Loving You mu 1957 ndi King Creole mu 1958, anafulatira Hollywood mu 1963, nathetsa chitomero chake, nakalowa usisitere wa Chibenedikito ku Regina Laudis m'dera la Connecticut, ambiri anapukusa mitu, ngati kuti mwanayu wafanana ndi kapolo uja wa m'fanizo la m'Baibulo amene anakumba pansi nabisa ndalama ya mbuye wake.

Mlanduwu suli wopepuka, pakuti luso losangalatsa anthu nalonso lichokera kwa Chauta, ndipo wolitaya ayenera kufunsidwa. Koma ine ndiyesa kuti oweruzawo anafulumira, popeza kapoloyo anabisa chifukwa cha mantha ndi ulesi, pomwe mayi amene, podziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa, anasankha kudzuka usiku kukaimba masalimo m'Chilatini ndi kugwira ntchito ya manja usana, zaka zoposa 60, sitingamutche waulesi. Ndiponso lusolo sanalikwirire konse, pakuti anathandiza kuimika bwalo la masewero pa malo a masisiterewo, ndipo mu 2012 anakaonekera pa mwambo wa mphoto za mafilimu wa Oscar ali mumkanjo wake wakuda.