Ngalande yathu ikuthera kwa yani?

Amayi anzathu, mwezi wa Okutobala ukafika kuno kwa Chiosya, dzuwa likamaswa mtengo, aliyense amayamba kuyang'ana kudenga. Uyu akusaka udzu, uyo akuwerengetsa ndalama ya misomali, wina akumata khonde lomwe mvula ya chaka chatha inaguga. Ndi ntchito yabwino. Koma pali funso lomwe lakhala likutisowetsa mtendere: pokonzekera mvula ndi mphepo, kodi udindo wathu umathera pampanda wa nyumba yathu?

Kale tinkati namondwe ndi nkhani ya anzathu a ku Beira ndi ku Quelimane, m'mbali mwa nyanja ya mchere. Idai wa mu Malichi 2019 anatitsegula maso. Ana wa mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira, mdima wake n'kutifika ngakhale ife amene sitinaone madziwo. Freddy wa mu Malichi 2023 anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Chido wa mu Disembala 2024 anafika mpaka m'chigawo chapakati. N'zoona kuti Mchinji ili kutali ndi nyanja, ndipo anamondwe, omwe nyengo yawo imayamba pakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Epulo, amatipeza atafooka. Komatu mphepo yamkuntho yobwera ndi mvula yoyamba siisowa dzina lachizungu kuti isasule denga.

Za m'nyumba mwathu tikuzidziwa. Chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala a amene amamwa tsiku ndi tsiku tiziike m'jumbo, pamalo pokwera. Ufa ndi mbewu zichoke pansi. Wailesi ikhale ndi mabatire kuti tizimva uthenga wa a zanyengo. Ana adziwe kothawira usiku. Izi sizivuta kuvomereza, pakuti phindu lake ndi lathu lomwe.

Povuta ndi panja. Taonani nkhani ya ngalande. Bambo wa pakhomo amatenga khasu n'kukumba ngalande kuzungulira nyumba kuti madzi asadye maziko. Wachita bwino, ndipo anthu odutsa amamuyamikira kuti ndi bambo wosamala. Koma madziwo satha chifukwa tawapatutsa. Amatsetsereka ndithu, ndipo kumunsi kwathu kuli nyumba ya wina, mwina ya zidina zosaotcha, mwinanso chimbudzi chake. Chipupa chikanyowa masiku atatu chimagwa. Chimbudzi chikagwa, zonyansa zimalowa m'chitsime chimene tonse timatungamo, ndipo sitinaiwale kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700. Tsiku limenelo tidzapita kukapepesa, nkhope zili zachisoni, tikunena kuti mvula ya chaka chino yavuta. Kodi ndi mvula yokha? Khasu lija linali m'manja mwa yani?

Chimodzimodzi malata. Ambirife, misomali ikachepa, timasanja njerwa ndi miyala pamwamba. Mphepo ikakula, lata limauluka ngati chikwanje, ndipo silisankha kuti mwana amene ali panjira ndi wa yani. Kumanga phaso ndi waya wolowa m'chipupa kumaoneka ngati nkhani ya mwini nyumba, chonsecho woyamba kupindula angakhale mwana wa mnzathu. Nanga udzu? Anyamata athu akatentha tchire posaka mbewa, ife timadya ndiwozo mosangalala (ndipo tisanamizane, zimakoma), koma udzu wopsawo ndi umene agogo a kuseri kwathu akanafolerera nyumba yawo.

Tikudziwa chimene ena anene, ndipo ali ndi mfundo. Nthawi imeneyi ndalama ya mtedza ndi soya imakhala itatha. Feteleza akudikira, fizi ya ana ikudikira. Mayi amene akusankha pakati pa thumba la feteleza ndi waya wa denga sangauzidwe kuti aganizirenso denga la eni ake. Ngati iye saganizira ana ake, adzawaganizira ndani? Sitikutsutsa. Kuyamba ndi apakhomo pako si dyera. Ndipo tisamafulumire kuweruza amene nyumba yawo yagwa kuti ndi aulesi; kawirikawiri anaiona ming'alu ija kale kuposa ife, chosowa chinali chogwirira.

Komabe ife tikuona kuti apa pali zinthu ziwiri zomwe timazisakaniza dala. China ndi kuthandiza mnzathu, chomwe chimatengera zimene tili nazo. China ndi kusamuvulaza, ndipo ichi sichidikira kuti tilemere. Wosauka angathe kunena moona mtima kuti alibe lata lopatsa mnzake. Sangathe kunena kuti umphawi ndi umene unalozetsa ngalande yake pachipupa cha mnzakeyo. Kukhotetsa ngalande kuti ikathere m'dzenje lomwetsa madzi kapena panthochi kumafuna thukuta la m'mawa umodzi basi, ndi kudzichepetsa kopita kukaodira kwa mnansi wathu tisanayambe kukumba. Mwina chovuta kwenikweni n'chachiwirichi, makamaka ngati tinayambanapo za malire kapena za mbuzi.

Ngakhale kuthandiza kumene, tikawerengera bwino, sikutidyera zambiri monga timaopera. Agogo olera zidzukulu zamasiye denga lawo likasasuka pakati pa usiku, sadzathamangira ku boma kwa a DoDMA. Adzagogoda pachitseko chathu, ndipo tidzawatsegulira, chifukwa ndi mmene tinaleredwera. Tidzagawana nawo mphasa ndi ufa kwa sabata zingapo, m'miyezi ya njala. Mitolo inayi ya udzu ndi anyamata atatu mu Okutobala zikanachepetsa zonsezi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma ife mwambiwu timaukumbukira denga litagwa kale.

Chomwe sitinagwirizane pamene timakambirana nkhaniyi ndi ichi: mnansi wa kumtunda akakana kukhotetsa ngalande yake, titani? Ena anati tikadandaule kwa amfumu mvula isanagwe. Ena anati milandu imasiya chidani choposa madziwo, ndi bwino kungokweza khonde lathu. Mayi wina wachikulire anati iye angatenge khasu lake n'kukapempha kuti akumbire limodzi. Tinabalalika dzuwa litapendeka, mitambo itayamba kale kusonkhana chakumadzulo, cha ku Chipata.