Atsikana athamange pamaso pa khamu? Mtsutso wa kwa Njombwa

Kwa Njombwa, kummwera kwa boma la Kasungu, mpira wa anyamata susowa woitanira. Kukangomveka kuti matimu awiri akumana, anthu amabwera pa njinga, pa kabaza, ena wapansi, ndipo ogulitsa nzimbe ndi mandasi amafika osewera asanavale n'komwe. Mpikisano wa liwiro wa atsikana umachitika m'mawa pa tsiku la sukulu, mizere atajambula ndi phulusa, owonerera ali ana anzawo okhaokha. Wopambana amamuombera m'manja, n'kubwerera m'kalasi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mphunzitsi wina wamkazi wa m'derali akufuna zimenezi zisinthe. Akuti mpikisano wa atsikana uzichitika Loweruka masana, pakhale zokuzira mawu, nyimbo ndi mphoto zochokera kwa ochita malonda, kuti anthu amene sanaonererepo masewero othamanga ayambe kubwera. Amene akumutsutsa kwambiri ndi amalume ake enieni, mlimi wa fodya, mkulu wa mpingo, yemwenso ndi mwinimbumba wa ena mwa atsikana othamangawo.

AMALUME: Mayi, mundimve bwino. Sindikuletsa mwana wamkazi kuthamanga. Chimene ndikukana n'choti muitanire anthu. Mwati Loweruka masana, mwezi wa Juni. Imeneyo ndi nthawi imene fodya ali pa okushoni ku Chinkhoma, amuna ali ndi ndalama m'matumba, ena sanagone kwawo sabata yathunthu. Munthu wotere akamva nyimbo pa bwalo la sukulu, mukuganiza kuti akubwera kudzawerenga masekondi? Akubwera kudzaona miyendo ya ana athu. Ndipo mwana akatenga pathupi, mlandu sufika ku ofesi ya ahedi. Umafika pakhomo panga, ine mwinimbumba.

MPHUNZITSI: Amalume, amuna mukunenawo alipo kale, mpikisano usanayambe. Ali pa msika, ali m'njira ya ku mjigo, ali kuseri kwa chigafa kumene mtsikana amasoka fodya mpaka mdima. Atsikana amene ndawataya m'kalasi mwanga sanakopedwe pamaso pa khamu. Anakopedwa kumene kunalibe wowaona, ndi sopo ndi mafuta odzola. Mwana amene dzina lake latchulidwa pa zokuzira mawu, mudzi wonse n'kumudziwa kuti uyu ndiye waliwiro wathu, amavuta kumubisa. Akasowa kusukulu masiku awiri, anthu amafunsa.

Ndipo khamu ndikulifuna pa chifukwa. Ndalama zimatsata anthu. N'chifukwa chiyani aphungu ndi eni magolosale amaika zikho pa mpira wa miyendo ndi wa manja, osati pa kuthamanga? Chifukwa kumeneko kuli maso. Timu ya Queens ya mpira wa manja inatchuka chifukwa anthu ankadzaza bwalo kukaona Mwawi Kumwenda akuponya zigoli. Mpira wa miyendo wa amayi anthu ankauseka. Ma Scorchers atagonjetsa Zambia n'kutenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndi angati akusekabe? Lero mwana wa sitandade 5 amadziwa kuti Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi a ku Rumphi. Mufunseni za Asimenye Simwaka, mtsikana wa ku Karonga amene anafika mu fainolo ya mamita 400 pa masewero a Commonwealth ku Birmingham mu 2022. Angokuyang'anani. Simwaka sanachepe luso. Anachepa owonerera.

AMALUME: Mpira wa manja ndi wina. Kumeneko amavala masiketi, amakhala gulu. Othamanga anuwo ndimawaona pa kanema. Kovala kake ngati ka kubafa. Ife tinakula nthawi ya Kamuzu, mwana wa kuno ku Kasungu, mkazi sankavala thalauza kapena siketi yolekeza m'ntchafu. Zambiri za nthawi imeneyo sindizilakalaka, koma ulemu wa thupi unalipo.

MPHUNZITSI: Lamulo limenelo la 1973 linachotsedwa mu 1993, amalume, ndipo nthawi imene linkagwira ntchito atsikana sanasiye kutenga mimba kusukulu. Ankangochotsedwa mwakachetechete. Koma pa zovala sitikangana. Palibe lamulo la masewero othamanga lokakamiza mkazi kuvala tizovala mumaona pa kanemato. Ruqaya Al-Ghasra wa ku Bahrain anapambana mendulo ya golide pa mamita 200 ku Doha mu 2006 atafunda mutu, manja ndi miyendo yomwe. Athu avala kabudula wofika m'maondo ndi malaya a manja. Chitenje chokha ndiye ayi, chifukwa chimakola miyendo, mwana n'kugwa chafufumimba.

Ndikufunseni. Amayi akamavina chimtali pa bwalo, amuna sabwera kudzaonerera? Amabwera, ndipo amafupa. Simunanenepo kuti chimtali chithe. N'chifukwa chiyani kutimba m'chiuno pamaso pa mudzi kuli chikhalidwe, koma kuthamanga mamita 800 kuli chiwerewere?

AMALUME: Chimtali chili ndi eni ake. Pali anamkungwi, pali amayi aakulu amene amadziwa mwana aliyense ndi kwawo. Gule akatha, aliyense amabwerera ndi amake. Zanuzi mwini wake ndani? Mwana akapambana kuno mumupititsa ku boma. Akapambana ku boma, ku Lilongwe, ku bwalo la Bingu. Apita ndi ndani? Ndi kochi wamwamuna, agona kumene ine sindikudziwa. Ndimamvera wailesi, mayi. Ku Kenya, kumene kuthamanga kuli ndi khamu ndi ndalama zimene mukuzifunazo, Agnes Tirop anapezeka ataphedwa m'nyumba mwake ku Iten mu 2021, ndipo amene anamangidwa ndi mwamuna wake. Mu 2024 Rebecca Cheptegei wa ku Uganda, atangobwera kumene ku Olimpiki ya ku Paris, anathiridwa petulo n'kuyatsidwa ndi mwamuna amene anali naye pa ubwenzi. Dziko lonse linkawadziwa amenewo. Kudziwikako kunawateteza? Mtsikana wosauka akayamba kupeza ndalama ndi miyendo yake, pamabwera amuna odzamudyera, ndipo akafuna kudziimira amamupha.

Apa mphunzitsi sanayankhe msanga, ndipo anachita bwino. Ine wolemba ndili kumbali yake pa mtsutsowu, koma mfundo iyi ya amalume ndi yoona, ndipo amene amalimbikitsa masewero a atsikana amakonda kuidumpha. Kutchuka kumatha kuteteza mwana pamudzi pamene aliyense amadziwa amake. Akachoka pamudzipo, kutchuka komweko kumaitana afisi.

MPHUNZITSI: Zimenezo sindingazikane. Zinachitika, ndipo zimandiopsa inenso. Koma amene anapha akazi amenewo ndi amuna, si liwiro. Kuno kwathu akazi akumenyedwa chifukwa cha ndalama za fodya amene analima okha, kuyambira ku nazale mpaka kupana mabelo, koma simunanene kuti akazi asiye kulima. Yankho la chimtali mwapereka nokha: pakhale eni ake. Mpikisanowu ndikufuna ukhale m'manja mwa gulu la amayi a pasukulu. Mtsikana akamapita ku boma, apite ndi mayi wa m'gulumo ndi mphunzitsi wamkazi. Palibe kochi wokumana ndi mwana payekha. Pabwalo pasagulitsidwe mowa, ndipo dzuwa lisanalowe tonse tabalalika.

Ndipo owonerera atsopano amene ndikuwafuna kwambiri si amuna a ku okushoni. Ndi amayi ndi agogo, amene ku mpira wa anyamata sapitako chifukwa cha kutukwana. Amenewo alibe masewero awoawo oti aziti ndi athu. Tsiku lina ndinaona mayi wina atabwera kudzapereka phala kusukulu, n'kupeza mwana wake ali pa mzere. Anaika ndowa pansi, n'kuyamba kuthamanga m'mbali mwa bwalo, chitenje chili m'manja, akufuula dzina la mwanayo mpaka mawu kusasa. Mayi ameneyo sanadziwepo kuti mwana wake ali ndi liwiro. Amayi otere akhale mazana awiri, nthungululu zili mbwee, ndi mwamuna uti angayerekeze kulankhula zopusa pamenepo?

AMALUME: Chabwino, amayi abwere. Nanga mapeto ake? Mukuwapatsa anawa maloto. Catherine Chikwakwa anapita ku Olimpiki ya ku Sydney mu 2000 ali kamtsikana, n'kudzatenga mendulo ya siliva pa mamita 5000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Italy mu 2004. Tinamva pa wailesi, tinasangalala. Kuchokera pamenepo zaka zapita zingati? Kwa Njombwa kuno kwamangidwa bwalo lothamangira? Mwa atsikana zana, mwina mmodzi ndi amene angafike ku Lilongwe. Otsalawo mwawachotsa pa mabuku, mwawachotsa pa ntchito za pakhomo. Loweruka la mwezi wa Juni ndi tsiku losankha fodya. Manja amafunika.

MPHUNZITSI: Mwafika pamene ndimayembekezera, amalume. Manja amafunika. Ndimawaona manja amenewo Lolemba m'mawa, akuda ndi utomoni wa fodya, mwana akusinza pa desiki mutu ukumupweteka. Mukukumbukira kuti mu 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani ya kugwiritsa ana ntchito? Ngati mpikisano wanga uchotsa mwana m'chigafa Loweruka limodzi, sindipepesa.

AMALUME: Musandiyese munthu wogwiritsa ana ukapolo. Ndalama ya fodya yomweyo ndi imene inakulipirirani sukulu inu.

MPHUNZITSI: Ndikudziwa, ndipo sindidzaiwala. Pepani ngati ndalasa. Koma sukulu imene munandilipirirayo ndi imene yandionetsa izi. Sindikulonjeza mwana aliyense Olimpiki. Kwa ine, lamulo loyamba n'lakuti wosapezeka m'kalasi sathamanga. Ndiye liwiro likhala chingwe chomukokera kusukulu, pa msinkhu umene ambiri amasiyira, sitandade 7 ndi 8. Malamulo a dziko anasintha mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, koma lamulo lili ku Lilongwe, mwana ali kuno. Chimene chimamusunga ndi kukhala ndi chinthu chimene akuchiyembekezera mwezi wamawa.

Ndipo mmodzi mwa zana mukumunenayo musamuchepetse. Maria Mutola ankasewera mpira ndi anyamata m'makwalala a ku Maputo, wina n'kumuona. Mu 2000 anapatsa Mozambique mendulo yake yoyamba ya golide ya Olimpiki, pa mamita 800. Faith Kipyegon wa ku Kenya anayamba kuthamanga wopanda nsapato ngati athuwa. Anabereka mwana mu 2018, n'kubwerera, ndipo watenga golide wa mamita 1500 pa Olimpiki zitatu zotsatizana. Amene amati kuthamanga kumaumitsa chiberekero akamufunse iyeyo. Tereza Master anathamanga marathoni ku Rio mu 2016 atavala mbendera yathu. Onsewa panafunika wina woti awaone. Ngakhale kumene kuli ndalama anazindikira zimenezi. Mu Seputembala 2024 ku New York anayambitsa mpikisano wa akazi okhaokha wotchedwa Athlos, muli oimba, wopambana aliyense n'kulandira madola 60,000, cholinga chili chokopa anthu amene sankaonera kuthamanga. Ife tikungopempha zokuzira mawu za ku tchalitchi ndi laimu wojambulira mizere.

AMALUME: Za ku New York zisiyeni komweko. Ngati amayi agwira okha, ngati mowa palibe, ngati mwana sagona kunja popanda mayi, ndikhoza kukauza anyakwawa kuti sinditsekereza. Koma ziwiri sindisuntha. Choyamba, mudikire msika wa fodya utseke. Chitani mu Seputembala, matumba a amuna aja ataphwa.

MPHUNZITSI: Mu Seputembala matumba a eni magolosale amakhalanso ataphwa. Mphoto ndikazitenga kuti? Ndiponso dzuwa la nthawi imeneyo si lothamangitsira ana masana, ndipo atsikana omwewo amakhala ali ku dambo kuthirira nazale. Juni ndi wozizira, ndiye mwezi wa liwiro. Ndikhoza kusuntha ola, tiyambe m'mawa, mabala asanatsegule. Mwezi ayi.

AMALUME: M'mawa ndavomera. Za mwezi tikakambirana pamaso pa komiti ya sukulu. Chachiwiri, mphoto isakhale ndalama m'manja mwa mwana. Ipite kwa makolo.

MPHUNZITSI: Ikapita kwa makolo igula feteleza, mwana n'kuphunzira kuti thukuta lake ndi la ena, monga momwe amake anaphunzirira pa fodya. Gawo lalikulu lilipire fizi ndi mayeso, kusukulu komweko, lisadutse m'manja mwa aliyense. Koma kenakake kafike kwa iye mwini, pamaso pa anthu: nsapato zothamangira, yunifolomu, ngakhale kandalama kogulira sopo ndi mafuta. Sopo ameneyo ndi amene amuna aja amanyengerera. Akagula yekha, wina amugulira chiyani?

AMALUME: Fizi ndavomera. Nsapato ndavomera. Ndalama m'manja mwa mwana wa zaka 14, imeneyo ayi. Akaizolowera adzaifuna ndi kwina.

MPHUNZITSI: Akuifuna kale, amalume, ndipo ine ndikufuna aipeze ndi miyendo yake pa bwalo, inu mukuona. Pa komiti ndikaima pomwepa.

AMALUME: Nanenso ndikaima pangapa. Muwauze amayi a gulu lija abwere, amve mbali zonse. Ndiwo adule.