Chikomekome cha mkuyu

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Akuluakulu ankanena za chipatso chofiira bwino kunja, koma ukachibenthula upeza tizilombo tili yakaliyakali. Mwambiwu umagwiranso ntchito ku America, kumene Ford F-Series yakhala pikapu yogulidwa koposa zonse chiyambire 1977.

Kumeneko ena akagula F-150 kapena Chevrolet Silverado amafuna ioneke yoopsa: amaikweza m'mwamba n'kuiveka matayala akuluakulu a m'matope. Kukongola imakongoladi, tisaname. Koma ikangokolekedwa ngolo yonyamula mahatchi kapena boti, nyerere zija zimatuluka. Tayala lalikulu limalemetsa injini pokoka, mabuleki amachedwa kuimitsa, ndipo galimoto yokwezedwa imapendama pokhota.

Palinso nambala ina imene otsatsa malonda saikweza mawu. Ili pa kapepala komata pafelemu ya chitseko cha dalaivala: kulemera konse kumene galimotoyo ingasenze. Ngolo imatsamira pachokolekera ndi 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwake, ndipo zimenezo zimadya nambala yomweyo, pamodzi ndi anthu, katundu, ngakhale bampala yachitsulo yogula dzulo. Kumbuyo kukaphwathalala, matayala akutsogolo amapepuka, chiwongolero n'kumamva mochedwa.