Galu Wotsogola N'kumacheuka

M'magemu ambiri a pakompyuta, aliyense amene ukumana naye amakhala ndi chimene akufuna kwa iwe. Mlimi akuti ukamuphere zilombo zimene zikumuthera ziweto, mfumu ikuti ukaitengere lupanga kuphanga, mayi wina mwana wake wasowa. Ndasewera magemu otere kwa zaka zambiri, ndipo ambiri mwa anthu amene anandituma ndinawaiwala mayina ndi nkhope zomwe. Agalu okha ndiwo akana kuchoka m'mutu mwanga. Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake, poti galu wa m'gemu salankhula, alibe mbiri yaitali yoti akufotokozere, ndipo nthawi zina amangoima pakhomo n'kukutsekera njira.

Ndiyambe ndi Dogmeat wa mu Fallout 4, gemu imene kampani ya Bethesda inatulutsa mu 2015. Nkhani yake imayamba ndi chisoni. Umatuluka m'chinyumba cha pansi pa nthaka mmene unagonekedwa m'chisanu kwa zaka zoposa 200, mnzako wa m'banja ataphedwa iwe ukuona, khanda lako litabedwa. Kunja, dera lonse lozungulira mzinda wa Boston ndi bwinja la nkhondo ya mabomba a nyukiliya. Kwanu ku Sanctuary Hills nyumba zina zinagwa, zina zangotsala makoma a dzimbiri. Ukawoloka mlatho n'kuyenda pang'ono umafika pamalo akale omwetsera mafuta galimoto otchedwa Red Rocket, ndipo pamenepo galu wa mtundu wa German Shepherd amakuthamangira. Sakutuma kanthu. Umangomulankhula mawu awiri atatu, basi mwayamba kuyenda limodzi.

Galuyu opanga gemu sanamupeke m'mutu. Anatengera galu weniweni, wamkazi, dzina lake River, wa Joel Burgess, mmodzi mwa akuluakulu amene ankakonza malo a m'gemuyo. River ankapita nawo kuntchito n'kumakhala pakati pa ojambula ndi olemba mapulogalamu, iwo n'kumatengera maonekedwe ake, kulira kwake ndi kayendedwe kake. River atafa mu 2021, Burgess analemba za iye pa Twitter, ndipo mwa zonse zimene anafotokoza chimodzi chinandikhala mumtima. Akamayenda naye, galuyo ankatsogola, koma sankapita patali osaima n'kucheuka kuti aone ngati mbuyake akubwera. Khalidwe limeneli analilowetsa m'gemu. Anafotokozanso kuti pomenyana ndi adani, Dogmeat anamupanga kuti azigwira mdani n'kumukakamira m'malo mothamangira kupha, chifukwa chimene galu amasamala choyamba ndi moyo wa munthu wake.

Amene anayendapo ndi galu popita kumunda m'mamawa kucheukako akukudziwa. Galu amatsogola, amalowa patchire, amatulukira kutsogolo mame ali thupi lonse, ndipo akafika pamphambano amaima n'kutembenuza khosi. Njira amaidziwa kuposa iwe. Chimene akufuna n'kuona ngati nonse mulipo. Ndikudziwa bwino kuti m'gemu zimenezi ndi malangizo olembedwa ndi anthu: galu akatalikira mtunda wakutiwakuti, aime, atembenuke. Kudziwa kumeneku sikundichotsera kanthu. Kuti malangizowo alembedwe panayenera kukhala munthu amene anayenda ndi galu nthawi yaitali mpaka kuona kachinthu kakang'ono kameneka, n'kuganiza kuti n'koyenera kukatayira nthawi pantchito. Dogmeat akamacheuka pakati pa magalimoto otentha ndi nyumba zakugwa, chimene chimandifika ndi chidwi cha munthu ameneyo pa galu wake.

Anzako ena oyenda nawo mu Fallout 4 amakuweruza. Nick Valentine amadana ndi kuba, MacCready amakondwera nako, ndipo ukachita kanthu pamatuluka timawu pakona ya sikirini tokuuza kuti uje wakonda kapena uje wanyansidwa. Dogmeat alibe zimenezo. Amakukonda tsiku loyamba chimodzimodzi ndi tsiku lomaliza. Pali luso lina m'gemuyo lotchedwa Lone Wanderer, limene limakupatsa mphamvu zopirira mabala ndi zonyamula katundu wambiri ngati ukuyenda wopanda mnzako. Ukatenga munthu, lusolo limasiya kugwira ntchito. Ukatenga galu, limagwirabe. Ndiye kuti malamulo a gemu amakuwerenga kuti uli wekha ngakhale Dogmeat ali pambali pako, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa pali choonadi. Ukakhala ndi galu sufunika kudzifotokoza, kusankha mawu kapena kubisa kutopa. Umakhalabe wekha ndi maganizo ako, koma kusungulumwa kumachoka. Kwa munthu wa m'nkhaniyi, amene wangotaya banja lonse ndipo sanakonzeke kulankhula ndi wina aliyense, sindikuona mnzake wina amene akanamuyenera.

Dogmeat wa 2015 sangafe. Akavulala kwambiri amagwa pansi n'kumalira, iwe n'kumubaya jakisoni, iye n'kudzuka. Mu Fallout yoyamba ya 1997 sizinali choncho. Galu wa dzina lomweli unkamupeza ku Junktown, ndipo akafa, wafa. Kumapeto kwa gemuyo adani amakhala ndi mfuti zoopsa pamene iye ali ndi mano okha, ndipo osewera ambiri ankabwerera mobwerezabwereza pamene anasungira gemu, kuyambiranso nkhondo imene apambana kale, chifukwa chongoti galu wagwa. Palibe mphoto imene ankalandira pochita zimenezi.

Gemu imene inandiphunzitsa kulemera kwa imfa ya galu ndi Fable II, imene kampani ya Lionhead ya ku England inatulutsa pa Xbox 360 mu 2008, motsogozedwa ndi Peter Molyneux. Umayamba uli mwana wamasiye m'misewu ya Bowerstone nthawi yozizira, uli ndi mchemwali wako Rose, ndipo mumapeza mnyamata wovutitsa akuzunza galu. Mumamulanditsa. Patangopita nthawi yochepa Rose amawomberedwa ndi mkulu wina wotchedwa Lucien, iwenso umawomberedwa koma umapulumuka, ndipo galu uja ndiye yekha wa m'moyo wako wakale amene umakula naye. Palibe batani lomuyendetsera ngati chida. Amathamanga patsogolo, amauwa akanunkhiza chuma chokwiriridwa n'kukutsogolera poti ukumbe, amachenjeza adani akayandikira. Akavulala amatsimphina pambuyo pako mpaka umupatse mankhwala. Ukhoza kumuponyera mpira, kumuyamikira, ngakhale kumukalipira. Pakati pa nkhaniyi umakhala zaka 10 mu nsanja yaikulu ya Lucien yotchedwa Spire, ndipo ukabwerako galuyo amakhala alipo, akukudikira.

Chakumapeto Lucien amakulozetsa mfuti, galu amadumphira kutsogolo, chipolopolo chimamupeza iye. Ukagonjetsa Lucien umapatsidwa mwayi wosankha chinthu chimodzi mwa zitatu. Ukhoza kuukitsa anthu masauzande amene anafa pomanga nsanja ija. Ukhoza kuukitsa a m'banja lako ndi galu wako. Kapena ukhoza kutenga ndalama zagolide 1,000,000. Ukasankha, gemu imasunga chisankhocho nthawi yomweyo, ndipo dziko limapitirira monga wasankhira.

Za ndalama sindinaziganizire n'komwe. Koma pa ziwiri zinazo ndinakhala chete nthawi yaitali, manja ali pamabatani osakanikiza. Ndinasankha anthu masauzande aja, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti ndinasankha bwino: aliyense wa iwo anali ndi kwawo, anali ndi omulira. Komabe mtima wanga sunali kwa iwo. Ambiri mwa iwo sindinawadziwe mayina; anali chiwerengero chimene ndauzidwa. Galu ndinkadziwa mmene amathamangira, mmene amauwira akapeza kanthu, mbali imene amakonda kudzera. Gemu itapitirira, anthu a ku Albion, dziko la m'gemuyo, anandithokoza, koma njira zimene ndinkadutsa kale zinangoti zii. Chuma chokwiriridwa panalibenso wondisonyeza. Ndinkapezeka ndikutembenuza kamera kuyang'ana kumbuyo popanda chifukwa. Palibe gemu ina imene inandionetsa momveka chotero kuti chimene munthu akudziwa kuti n'cholungama ndi chimene mtima wake wakakamira zikhoza kusiyana, ndi kuti kusankha cholungama sikuchotsa chisoni.

Mu 2009 Lionhead inatulutsa gawo loonjezera lotchedwa Knothole Island, mmene muli manda ena oti ukhoza kuukitsirako galu wako. Anthu ambiri anakondwa, ndipo sindiwadzudzula. Chimene ndimalemekeza n'chakuti opanga gemu sanapereke mwayiwo ulere: kuti galu abwere, uyenera kulowetsa munthu wamoyo m'mandamo kuti afe m'malo mwake. Ine kumeneko sindinapite ndi munthu.

The Last of Us Part II, ya kampani ya Naughty Dog ya mu 2020, inatenga chikondi chomwechi n'kuchitembenuza. Ukamasewera ngati Ellie mumzinda wa Seattle, asilikali amene akukusaka amakhala ndi agalu olondola fungo lako, ndipo ukapha galu mwini wake amafuula dzina lake. Pali galu mmodzi, Alice, amene gemu sikupatsa njira yomulambalala; amakulumphira ndipo umamupha. Kenaka nkhani imabwerera m'mbuyo masiku ochepa, iwe n'kukhala Abby wa mbali inayo, ndipo Alice yemweyo ndi galu wa gulu lanu, wokwera nanu galimoto, wofuna kusisitidwa. Ena amati pamenepa opanga gemu anakoka mtima wa wosewera mwadala mopitirira muyeso. Ine ndimaona kuti ananena zoona zimene magemu ena amabisa: agalu ambirimbiri amene timawawombera m'magemu osaganiza kawiri, aliyense akanatha kukhala Dogmeat wa munthu wina.

Kuyambira mu 2019, pamene pa Twitter panabadwa tsamba lotchedwa Can You Pet the Dog lofufuza ngati gemu imalola kusisita galu, opanga magemu ambiri ayamba kuikamo batani losisitira. Ndimalikanikiza nthawi zonse, ngakhale kwa Cerberus, galu wa mitu itatu wa m'gemu ya Hades. Koma kusisita kokha sikupanga galu wosaiwalika. Galu wongokhala pakona kudikira dzanja lako ndi chokongoletsera. Amene amatsala mumtima ndi uja amene mwayenda naye mtunda, amene nthawi ina anakuchedwetsa, amene unamudera nkhawa.

N'chifukwa chake ndimaganiza kwambiri za Meeko, galu wa mu Skyrim ya 2011, amene osewera ambiri amamaliza gemu yonse osakumana naye. Alibe gawo m'nkhani yaikulu ya zinjoka ndi nkhondo ya pachiweniweni. Umamupeza m'mbali mwa msewu m'chigawo cha madambo cha Hjaalmarch, ndipo ukamuyandikira amathamangira m'nkhalango. Ukamutsatira umafika pa kanyumba ka matabwa. Mkati mwake, pabedi, mwagona mbuyake atafa kale ndi matenda, ndipo pambali pali kabuku kamene analembamo masiku ake omaliza, kosonyeza kuti anzake onse anatha ndipo anatsala ndi galu yekhayu. Meeko akhoza kukutsata ukamuitana. Ukamuuza kuti musiyane, amabwerera ku kanyumba komweko, kumene kuli mtembo.

Meeko akhoza kufa, ndipo sachedwa kufa. Amathamangira chilichonse, chimphona kapena chinjoka, ndipo m'mapanga opapatiza n'kosavuta kuti muvi wako kapena moto wa matsenga ako umupeze iye m'malo mwa mdani. Kuyenda naye ndi kumuika pangozi. Kumubweza ndi kumutumiza kwa wakufa. Kwa nthawi ndithu njira zinali ziwiri zokhazo. Mu 2012 munabwera gawo loonjezera la Hearthfire, lolola wosewera kulera ana amasiye, ndipo ukafika kunyumba ndi galu, mwana akhoza kukupempha kuti galuyo akhale wapakhomo. Ukavomera, Meeko amasiya kuyenda nawe n'kumakhala ndi anawo.

Chotero galu amene ndimamusamala kwambiri m'magemu onsewa ndi amene ndinasiya kuyenda naye. Pa masamu a gemu n'kuluza: wataya wokuthandiza kumenya nkhondo, ndipo palibe luso kapena chuma chimene umalandira m'malo mwake. Pamafunikanso ndalama. Nyumba yotsika mtengo ya mumzinda wa Whiterun, yotchedwa Breezehome, ndi ndalama zagolide 5,000, ndipo uyenera kulipiranso padera kuti akukonzeremo chipinda cha ana usanaloledwe kulera mwana. Kumayambiriro kwa gemu ndalama zimenezo ndi zambiri, zokwanira kugula hatchi ndi zida zabwino. Nthawi iliyonse ndikayamba Skyrim mwatsopano ndimayamba ndasonkhanitsa ndalamazo, kugula nyumba, kukonza chipinda, kutenga mwana mmodzi mwa amasiye oyendayenda m'misewu, kenaka ndipamene ndimanyamuka ulendo wa ku Hjaalmarch kukatenga galu.