MTHUNZI WA MTENGO NGWA YANI?

Tiyerekeze kuti ku George, kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, kuli munthu amene ali ndi mtengo wa mango pabwalo pace. Ana a anansi amasewera pansi pace, ndipo amai amasankhirapo ndiwo dzuwa la October likakula. Tsopano mwini waceyo afuna kuudula, kuti amange cipinda cina ca lendi. Malowo ngace, mtengonso ngwace. Kodi akaudula walakwira munthu?

Tisafulumire kumweruza. Ndalama za lendi zimagula ufa ndi makala, ndi nsapato za mwana wa sukulu. Amene sanagonepo ndi njala asanyoze wosauka cifukwa cosankha cipinda m'malo mwa mthunzi. Komabe funsoli silithera pamenepo, pakuti tiyenera kufunsanso ngati cimene munthu acita m'kati mwa malire ace cimakhaladi m'katimo.

Mbiri ya malowa itithandize. M'caka ca 1931 katswiri wa ku England, Stanley Adshead, analemba mapulani a Lusaka, amene anakhala likulu la dziko mu 1935. Anafuna mzinda wa minda ndi miseu ya mitengo, koma minda imeneyo inali ya Azungu. Wanchito wakuda anayesedwa mlendo amene adzabwerera kumudzi. Motero anthu anadzimangira okha m'mphepete, ndipo George anakula cotero, makamaka ufulu wa 1964 utafika. Mu 1974 boma linapanga lamulo lobvomereza makomboni otere, nilola anthu kukhala ndi cikalata ca zaka 30 ca nyumba zao. Ndipo ndi ngongole ya World Bank nchito yokonza George, Chawama ndi makomboni ena inayamba. Eni mudzi anayenda pamodzi ndi oyeza malo, nasankha modzera miseu. Nyumba zina zinagwetsedwa, eni ace nasamukira ku malo atsopano kumbali. Mseu umene ambulansi idzera lero ulipo cifukwa mabanja ena analola kutaya makoma amene anaumba ndi manja ao.

Tiyang'anenso pansi pa nthaka. Mbali yaikuru ya Lusaka inakhala pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu yambiri, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera kufupi ndi pamwamba. Zonyansa za m'cimbudzi cokumba zimayenda m'ming'alumo kufikira citsime ca mnansi, osafunsa kuti malire ali pati. M'zaka za m'ma 1990 George analandira mipopi ya madzi ndi cithandizo ca dziko la Japan, koma kolera inabweranso ku Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndi masukulu anakhala otseka kufikira February. Pamwamba mpomwemonso. Mvula yogwa pa malata ndi pa simenti siilowa pansi, koma ithamangira ku khomo la wokhala kunsi. Pepala la plastiki limene nditaya m'ngalande litseka madzi pakhomo pa munthu amene sindimdziwa. Mtengo suciza kolera ai. Koma mtengo, ngalande ndi cimbudzi ziphunzitsa cinthu cimodzi, cakuti m'komboni palibe munthu amanga kapena kugwetsa kwa iye yekha. Akuru anati mnzako akapsa ndebvu umzimire, ndipo pamene nyumba ziri zothithikana moto wa mnzako uli kale pa cibwano cako.

Wina adzati, Ine ndine wa lendi cabe. Kwathu nku Katete, ndibzalirenji mtengo umene sindidzadya zipatso zace? Mau otere ndi omwe aja a atsamunda, akuti wa m'komboni ndi mlendo, koma tsopano tiwanena tokha. Mneneri Yeremiya, pa mutu 29, analembera anthu okhala mu ukapolo ku Babulo, amene mitima yao inali kwao, nawalangiza kumanga, kulima minda ndi kufunira zabwino mzinda umene sanausankhe. Ngati akapolo anauzidwa zotero, nanga ife amene ana athu anabadwira kuno, ndi makolo athu anaikidwa ku Chingwere?

Tibwerere kwa mwini mango uja. Kumanga cipinda si chimo. Kulakwa kumayamba pamene munthu awerenga phindu lace lokha, osawerenga cimene anansi ace adzalipira. Ayambe wafunsa ngati khoma silingapatuke pang'ono ndi kusiya mtengo. Ngati kudula sikungalephereke, abzale wina m'mbali mwa mseu nausamale kufikira mbuzi zitaleka kuufikira. Madzi a padenga lace awalozetse m'ngalande, ndipo cimbudzi cace cikhale comanga bwino, cotheka kupopa cikadzala.

Katunduyu asasenzedwe ndi osauka okha. Khonsolo iri ndi mangawa a ngalande ndi kucotsa zinyalala, ndipo wogulitsa bwalo losewerera ana ngati puloti waba cinthu ca anthu onse. Mipingo nayonso idziyese. M'makomboni ambiri malo otakasuka amene atsala ndi a chalichi ndi a sukulu. Kodi tawacinga ndi mpanda ndi kuwathira simenti, kapena tabzalamo mitengo ndi kutsegulira ana cipata?

Inu owerenga, mvula ya caka cino ikayamba, turukani muone kumene madzi a padenga lanu apita, ndi khomo limene aima. Amene akhala pakhomo limenelo ndiye mnansi wanu, ndipo za mtengo wanu yambani mwakamba naye.