Wolipidwa kuti apatse: wacifundo kapena waganyu?

Makolo athu ankati kupatsa nkuika. Mwambiwu unabadwira pakati pa anthu odziwana: lero ndakupatsa dengu la cimanga, caka ca njala udzandikumbuka. Pa dima mwini munda amafulula mowa, anzake nkubwera ndi makasu, mawa iyenso nkukalimira wina. Panalibe wokhala ndi dzina lakuti wothandiza, poti aliyense ankapatsa, ankalandiranso.

Masiku ano kuthandiza kwasanduka nchito ya malipiro, yokhala ndi ofesi ndi galimoto. Omvera ena akaimba foni pa wailesi yathu amanena mowawidwa mtima kuti anthu a mabungwe akudyera ana athu. Ine sindivomereza msanga. Mphunzitsi amalandira pamwezi, namwinonso, koma sitinena kuti alibe cikondi. Mayi Graça Machel anali nduna ya maphunziro kuyambira 1975 mpaka 1989, ndipo mu 1994 iwo ndi anzawo anakhazikitsa bungwe la FDC. Nchito yotere singayende ndi mtima wabwino wokha. Imafuna wodziwa kuwerengera ndalama, ndipo iyenso ali ndi ana akudya nsima.

Cimene cimandivuta ndi cina: kodi wolipidwayo amaopa yani? Lipoti lake limapita ku Maputo kapena kutsidya kwa nyanja, kwa amene anatulutsa ndalama. Mayi wa kuno ku Nsadzo amene mwana wake walandira makope sangakane, sangabweze, sangadzudzule. Cake nkuwomba m'manja basi. Mphatso yosabwezeka imacepetsa munthu, ngakhale woperekayo sanafune kutero.

Malangatana, wojambula uja anamwalira mu 2011, anathandiza kukhazikitsa malo a zaluso kwawo ku Matalana. Ndimamulemekeza osati cifukwa ca kuchuka kwake, koma poti anapereka pamalo pamene akanalakwa akanakumana ndi omufunsa pa maliro ndi pa msika.

Pa za cikhalidwe ndiye nkhani imakula. Mu 2005 UNESCO inalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Mozambique, Malawi ndi Zambia ndi cuma ca anthu onse a pa dziko. Tinakondwa. Koma amene anausunga pa nthawi ya atsamunda, amishoni ena akuuletsa, ndi nthawi ya nkhondo anthu atathawira ku Zambia ndi ku Malawi, ndi akuluakulu a kudambwe osalandira ngakhale metikali imodzi. Wobwera kudzatukula gule adziwe kuti wapeza ng'oma zikulira kale, ndiponso kuti pali zina zosajambulidwa, ngakhale wopereka ndalama afune cithunzi.

Ncifukwa cake wa bungwe akabwera kudzalankhula pa wailesi, sindimufunsa kuti amalandira zingati. Ndimamufunsa kuti: mukapanda kucita zimene mwalonjeza, ndani m'mudzi muno angakuitaneni pabwalo la amfumu? Ambiri amaseka, nkuyamba kufotokoza za komiti. Mmodzi yekha, mayi wina woyang'anira sukulu za mkaka, ndiye anachula dzina la nyakwawa ndi tsiku la msonkhano.