Mtsutso: Filimu ya Mad Max: Fury Road ndi yosangalatsa maso chabe

Wovomereza: Wapampando, filimu ya George Miller imeneyi, yomwe idatuluka mu 2015, ndi liwiro ndi moto basi. Kwa maola awiri magalimoto akungothamangitsana m'chipululu, kugundana ndi kuphulika. Mpaka muli munthu wolendewera palole akuimba gitala yolavula moto! Mwana akaonera amachoka akutsanzira kulira kwa injini, za chilungamo satchula n'komwe.

Wotsutsa: Anzangawa aona fumbi, koma sadafunse chomwe anthuwo akuthamangitsirana. Wolamulira wankhanza, Immortan Joe, wasunga madzi onse pamwamba pa thanthwe. Amatsegula mipope kamphindi, anthu pansi n'kumalimbirana ndi timabeseni, kenaka amatseka n'kuwalangiza kuti asazolowere madzi. Akazi asanu wawatsekera m'chipinda kuti azimuberekera ana, ndipo ndiwo amene mkazi wina, Furiosa, akuwathawitsa. Max naye wagwidwa kuti magazi ake azithiridwa mwa msilikali wodwala. Munthu wasanduka katundu wa mnzake. Si phunziro limenelo?

Wovomereza: Phunziro limene lakwiririka m'phokoso. Anyamata a Joe amadzipopera utoto wasiliva pakamwa n'kudziponya ku imfa akukondwa, ndipo kamera imazijambula mokoma mpaka woonera amawasirira. Chinanso, filimuyi idajambulidwa ku Namibia mu 2012, ndipo osamalira zachilengedwe kumeneko adadandaula kuti magalimoto adawononga malo ena m'chipululu cha Namib. Ungalire maliro a dziko uku ukulipondaponda?

Wotsutsa: Za ku Namibia sindikana kuti madandaulo adalipo, ngakhale bungwe la mafilimu la dzikolo lidawatsutsa. Koma pa anyamatawo mwaphonya. Mmodzi wa iwo, Nux, amazindikira kuti Joe adawanamiza, ndipo amafa akuteteza akazi aja. Onaninso kuti dziko lobiriwira lomwe Furiosa ankathawirako amalipeza litafa kale. Gululo limabwerera komwe lidachoka kukachotsa wankhanzayo, ndipo madzi amatsegulidwira onse. Filimuyi ikukana kuthawa mavuto, ikuti konzani kwanu.

Wovomereza: Mwayankhula bwino, achimwene, koma mphoto zikundiikira umboni. Pa ma Oscar a 2016 filimuyi idatenga mphoto 6: ziwiri za mawu, zina za kulumikiza zithunzi, zovala, zodzola ndi kamangidwe ka malo. Pa mphoto ya kalembedwe ka nkhani sidaikidwe ngakhale pamndandanda wa opikisana.